Kiyi wa Uthenga wa Mwera

Senga Bay, Lachitatu, tsiku lachisanu chiyambire mwera wa chaka chino.

Asiyatu mwana wanga,

Pa duwa yako, pemphero lokutsanzika lija, lero masana tinalipo anthu asanu ndi anayi: ine, mayi ako, iwe, mchimwene wako Idrisa ndi mkazi wake, amalume ako a Jafali, azakhali ako awiri a ku Chipoka, ndi ashehe. Ndikulemba pakhonde nditatha swala ya asiri. Iwe uli m'nyumba, mukukangana ndi mayi ako za usipa wouma. Iwo akuti usipawo ulowe m'chikwama, iwe ukuti kubwalo la ndege akakulanda. Tenga basi. Bola akakulande eni ake kusiyana n'kuti ukane za mayi ako tsiku lotsanzikana.

Dzanja langa ukulidziwa, ndi la sitandade sikisi. Pamene sipakuwerengeka uyerekeze. Ndikanayankhula pamphasa paja, koma pagulu mawu anga satuluka, ndipo sindikanafuna kukutsutsa pamaso pa alendo.

Ndiyambe ndi kunena ntchito yako mmene ndimaimvera ine, kuti ngati ndasokera poyambira pomwe, udziwe kuti nkhawa yanga ndi ya munthu wosamvetsa. Unandiuza kuti uli ngati wojambula pulani ya nyumba, koma nyumba zako ndi mapulogalamu a pakompyuta. Iwe umanena pokhala maziko, podzera khomo, ndi chimene chinyamule chinzake, ena n'kumamanga. Ndi ntchito imeneyi akuitanira ku Ulaya. Anakuonera pa pulogalamu ija unayamba uli ku koleji, yotumiza uthenga m'mafoni a asodzi kuti mphepo ikubwera. Unaiika poyera kuti aliyense aone mmene inalembedwera, aitenge ulere, ndipo woona cholakwika atumize chokonza. Koma chokonzacho sichilowa chokha. Chimadikira iwe, chifukwa kiyi ali ndi iwe wekha. Ukavomera, m'mawa mwake chafika pa foni ya msodzi aliyense kuyambira kuno mpaka ku Chipoka ndi kupitirira. Ngati ndinamva bwino, ndi choncho.

Ntchito imeneyi ndimainyadira. Tsiku limene unatenga makope anga khumi ndi atatu, aja ndinkalembamo tsiku lililonse mphepo imene yaomba, n'kuwakopera m'kompyuta kuti uyesere pulogalamu yako, ndinayenda mpaka kumsika popanda chokagula.

Tsono lero tikudya, amalume ako anayamba zawo zija. Anati, "Mwana wa achemwali, chinthu chogwiritsa nyanja yonse n'kumagawa ngati phala la pa sadaka? Ukanagulitsa bwenzi ine ndili ndi minibasi." Iwe unawayankha kuti minibasiyo akanaigwetsera m'mtsinje isanathe sabata, poti ngakhale njinga imawakana. Tonse tinaseka. Kenako ashehe anafunsa kuti ukapita, uthenga wa mphepo aziuyang'anira ndani. Unati chaka choyamba kuntchito yatsopano sudzakhala ndi mpata, ndiye kiyi usiyira mnzako wa pa intaneti amene wakuthandiza chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Unati ntchito yake ndi yaukhondo, amayankha msanga, ndipo sanapemphepo kanthu. Unati umupatsa mawa uli kubwalo la ndege ku Lilongwe, kumene netiweki ndi yabwino.

Ndinafunsa kuti kwawo n'kuti. Unati sukudziwa. Ndinafunsa dzina. Unati amangolemba zilembo zitatu ndi nambala. Ndinafunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo unaseka.

"Ababa, kumeneko sitifunsa nkhope. Timayang'ana ntchito."

Ashehe anagwedeza mutu nati amenewo ndi mawu abwino. Mwina ndi abwinodi. Ine ndinasiya kudya, ndipo mayi ako anandiyang'ana, chifukwa iwo okha ndi amene akudziwa chimene ndikufuna kukuuza tsopano.

Idrisa akuyamwa, iwe usanabadwe, tinkakhala ku Chipoka. Ndinali makaniko wa mainjini a maboti, ndipo eni maboti ankasungitsa mainjini awo mu shedi yanga ya malata. Analipo asanu ndi anayi. Kiyi anali mmodzi, ndinkamuvala m'khosi pa chingwe. Tsiku lina kunafika munthu, anati dzina lake ndi Bakali. Anayamba n'kundigwirira sipanala, kenako kutsuka zitsulo mu petulo. Malipiro ankakana, ankati akuphunzira. Anakhala nane miyezi khumi ndi inayi. Ndikuuze zoona, manja ake anali abwino kuposa anga. Sankachedwa, sankamwa, sankanena za anthu. Eni maboti ankati ndatola mwayi. Za kwawo ndinamufunsapo kamodzi kokha, iye anangoti, "Kumwera uko." Ine n'kukhutira. Ndinkayang'ana ntchito, Asiyatu.

Kunagwa maliro a azakhali anga ku Chitala. Ndinanyamuka Lolemba, ndinabwera Lachinayi. Kiyi ndinasiyira Bakali. Pobwera ndinapeza loko ali bwinobwino. Mainjini ndinawerenga kawiri, onse asanu ndi anayi analipo. Pansi panali posesa, masipanala atakolekedwa kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Anandibwezera kiyi ndi manja awiri. Anakhalanso masiku asanu ndi atatu, kenako anati amake adwala, napita. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumupatsa nsomba zoti akapatse odwalawo.

Patatha masiku khumi ndi limodzi injini yoyamba inazima, pafupi ndi gombe. Nditaitsegula ndinapeza kampira kopopa madzi oziziritsa injini kali kakale, kong'aluka. Chonsecho m'kope mwanga munali molemba kuti ndinaikamo katsopano mwezi umodzi wapitawo, ndi dzanja langa lomwe. Ndinadziuza kuti kusitolo anandigulitsa chinthu chabodza. Yachiwiri inazima patatha masiku anayi. Mtima unandiuza kuti nditsegule onse otsalawo, koma ndinaopa chimene ndikapezemo, ndinaopanso kuuza eni ake kuti kiyi wa katundu wawo ndinapatsa munthu amene sindidziwa kwawo. Ndinati ndiona Loweruka.

Lachisanu m'mawa boti la a Saidi, mmodzi wa osungitsa injini kwa ine, linali kutali, muli anthu asanu ndi awiri, pamene mwera unadzuka. Anatembenuka kuti abwerere, injini n'kuzima. Anatengeka masiku awiri. Anapezeka asanu ndi mmodzi amoyo. A Saidi anali wamkulu kale, a chifuwa, ndipo kunyowa ndi kuzizira kwa masiku awiriwo sanakupirire. Anafera m'boti, mutu uli pamiyendo ya mwana wawo.

Titachokera kumanda ndinadzitsekera mu shedi n'kutsegula mainjini otsala aja. Onse anali chimodzimodzi. Zitsulo zatsopano za m'kati zinachotsedwa, n'kuikamo zakutha, zopukuta bwino, zopaka girisi, mabauti omanga mwaluso. Kunja sukanaona kanthu. Ukakoka chingwe injini inkalira bwino. Pamadzi abata inkayenda ola lathunthu osatsokomola. Inkadikira tsiku loti igwire ntchito yolimbana ndi mphepo, tsiku lomwelo limene munthu akuifunitsitsa.

Anthu anati injini inakalamba. Ena anati zinalembedwa. Ine ndinakonza otsalawo mwakachetechete, osauza munthu. Mayi ako ndinawauza patatha chaka. Lero wadziwa iwe.

Taona, mwana wanga. Bakali sanathyole loko. Sanafune kupha a Saidi, mwina mpaka lero sadziwa n'komwe kuti anamwalira. Iye ankafuna zitsulo basi, ndipo anali ndi mtima wodikira miyezi khumi ndi inayi. Ine sindidziwa chimene munthu angabe m'pulogalamu. Iwe ukudziwa. Unanenapo kuti muli manambala a mafoni a anthu, unanenanso kuti anthu a maiko ena anaitenga n'kuiika m'kati mwa zinthu zawo zazikulu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti chinthu chosinthidwa m'kati sichisiya kulira. Uthenga uzifika m'mawa uliwonse monga kale, zilembo zomwezo, nthawi yomweyo. Ndipo anthu kuno anasiya kuyang'ana kumwamba. Kale msodzi ankaima pamchenga, kuona mitambo, kumva mmene mphepo ikukhudzira khutu. Lero Idrisa amadzuka, kuyang'ana foni, n'kuuza anzake kuti tiyeni. Ndinamufunsapo kuti bwanji sayang'ananso mitambo. Anati, "Mitambo inanamapo, ababa. Asiyatu sananamepo." Dzina lako ndi limene amakankhira nalo boti.

Usasiyire munthu mmodzi kiyi ameneyo. Ndikubwereza, usasiyire munthu mmodzi.

Sindikunena kuti mnzakoyo ndi Bakali. Mwina ndi munthu wabwino kuposa ine ndi iwe, wokhala m'dziko lopanda nyanja, amene amangomvera chisoni asodzi osawadziwa. Ngati ndi choncho Mulungu amulipire, ndipo andikhululukire pomuganizira. Koma pali kanthu kena kanandiluma. Mwezi watha unkadandaula kwa mayi ako kuti pali anthu atatu kapena anayi amene akhala akukulembera mwaukali, kuti umachedwa, kuti pulogalamu ikufa m'manja mwako, kuti upatse kiyi mnzakoyo. Anthu amenewo unawaonapo? Anayamba liti kulemba? Yang'ana masiku ake. Ine ndikanakhala nalo kope la zimenezo ndikanaona ngati sanatulukire onse mwezi umodzi. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zipewa zinayi.

Tsono usaganize kuti ndikukuuza kuti kiyi upite naye ku Ulaya m'khosi mwako. Kumenekonso ndinalakwako, ndipo kulakwa kwake kunatenga zaka zambiri kuposa koyamba.

Titasamukira kuno ku Senga Bay sindinakhulupirirenso munthu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinagwira ndekha. A Twaibu, oyandikana nafe awa, munthu wa banja lake, amene makolo awo ali m'manda omwe muli makolo a mayi ako, anandipempha katatu kuti ndiwaphunzitse. Ndinkavomera pakamwa. Koma ikafika nthawi yotsegula kabureta ndinkawatuma kukagula tiyi. Iwo anazindikira, nasiya kubwera. Ndiye shuga uja anandigwetsa, iwe uli fomu 3. Ndinagona m'chipatala masiku makumi anayi ndi limodzi, pakati pa nyengo ya usipa. Mainjini ankanyamulidwa pa kabaza kupita ku boma, kukakhala pamzere sabata ziwiri. Ena analowa m'nyanja ndi nkhafi ngati nthawi ya agogo awo. Mabanja anagona ndi njala chifukwa nzeru zonse zinali m'mutu umodzi, ndipo mutuwo unali pa pilo wa m'chipatala.

A Twaibu anabwera kudzandiona atanyamula nthochi. Anakhala pansi nati, "A Mmadi, kiyi mwabwera naye kuchipatala kuno. Nanga kumanda mudzapitanso naye? Mutiuziretu, tidzakumbe dzenje lalikulu, mulowe ndi shedi yomwe." Odwala onse m'chipindamo anaseka. Ine ndinatembenukira kukhoma.

Iwe ndakuona, uli ndi matenda anga omwewo. Tsiku la Idi chaka chatha unakhala kuseri kwa nyumba ndi laputopu pamiyendo, kuyankha anthu osawadziwa, pamene anzako akudya. Ukapita ndi kiyi wekha, udzagwira ntchito ziwiri, ya malipiro masana ndi yaulere pa nthawi yopuma, mpaka tsiku lina udzadwala kapena kutopa, ndipo uthenga udzaima popanda wodziwa pogwira. Ndiye kusiya usiye ndithu. Wachita bwino kuganiza zosiya. Koma usasiyire mmodzi.

Nditatuluka m'chipatala maso anali atayamba kale chifunga. Ndinaitana a Twaibu, ndipo zaka zinayi zomaliza tinagwira awiri. Tinaika lamulo limodzi lokha: amene wakonza injini satseka chivundikiro. Amaitana mnzake, mnzakeyo ayang'ane chilichonse chimene chalowamo, aone ndi chakale chimene chatuluka, akakhutira atseke ndiye. Poyamba zinkandipweteka, ine wa zaka zonse zija kudikira wophunzira wanga kuti andivomereze. Zinkachedwetsanso, eni maboti ankadandaula pakhomo. Koma m'zaka zinayizo a Twaibu anandigwira katatu nditalakwitsa. Kamodzi ndinaika kachitsulo chozondotsa, ndipo injini imeneyo inali ya boti limene Idrisa ankakwera nthawi imeneyo. Ine ndinawagwira kasanu ndi kawiri, ndimawakumbutsa mpaka lero. Palibe amene anali wakuba pakati pathu. Lamulo lija silinali la akuba okha.

Ndinakufunsapo tsiku lina ngati pa kompyuta zingatheke kuti chinthu chisalowe mpaka anthu awiri avomere. Unati n'zosavuta, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimene ndikupempha ndi chimenecho basi.

Wachiwiriyo alipo, ndipo ukumudziwa. Chisomo, mnzako wa ku koleji uja wa ku Chitala, amene akugwira ntchito ku Lilongwe. Nayenso wakhala akutumiza zokonza. Ndikudziwa chimene unene, unanena kale kukhitchini: akuti Chisomo amachedwa, akhoza kutha sabata akuwerenga mizere khumi, ndipo amafunsa mafunso ngati wapolisi. Mwana wanga, ameneyo ndiye ndikumufuna. Anagonapo m'nyumba muno kanayi. Anakana kukwera boti chifukwa cha mantha, tinamuseka tonse. Bambo ake atamwalira tinapita ndi mayi ako, tinakhala m'tchalitchi mpaka mapemphero kutha. Pakhomo pa amake tikupadziwa, pali mtengo wa bwemba. Chikalakwika, pali khomo loti munthu n'kukagogoda. Ndipo iye akudziwa kuti kumapeto kwa uthenga uja kuli anthu amene anadya nawo mbale imodzi.

Mnzako wa zilembo zitatu uja apitirize kugwira ntchito, usamuthamangitse. Iye azikonza, Chisomo azitseka chivundikiro. Chisomo akakonza, atseke iyeyo. Umupemphenso kuti muyankhulane pa foni yoonana nkhope, ngakhale kamodzi. Munthu wabwino sakwiya ndi zimenezo. A Twaibu sanakwiye. Koma akayamba kukufulumizitsa, kapena kunena kuti wamunyoza patatha nthawi yonseyi akukuthandiza ulere, ulembe tsiku limenelo penapake, ndipo usapereke kanthu.

Zina ndi zazing'ono, ndingozitchula. Kumeneko akuti dzuwa limasintha nthawi zake, ndiye ufunse anzako achisilamu za nthawi za swala, usangoyerekeza. Juzi imene mayi ako akulukira ndi yonyansa, ndaiona, koma uivale tsiku limodzi uwatumizire chithunzi. Kuntchito, ukajambula pulani, uzipita kwa amene akumanga ukawafunse pamene pakuwavuta, chifukwa wojambula samva kulemera kwa njerwa. Chimene wadziwa uzilemba poti wina akhoza kuchipeza iwe kulibe. Mayi ako uziwaimbira Lamulungu, asamachite kuyamba ndi iwo. Ndipo uzidya. Ukatanganidwa umaiwala, kuyambira uli mwana.

Kalatayi ndiiika m'kati mwa laputopu yako, kuti ukaitsegula kubwalo la ndege uyambe waona pepala usanagwire batani lililonse. Minibasi inyamuka mamawa, ndipo pamsewu ndikudziwa kuti sindidzatha kunena kanthu koposa kuti uyende bwino.

Kusankha n'kwako. Pulogalamu ndi yako, unaipanga ndi mutu wako, ine sindidziwa ngakhale poyatsira. Ukhoza kuwerenga zonsezi n'kuona kuti ndi mantha a nkhalamba imene inapsa kamodzi. Sindidzakwiya, ndipo duwa yanga idzakutsata chimodzimodzi. Koma ndikupempha kuti usanakwere ndege unditumizire uthenga wa liwu limodzi. Ulembe kuti "awiri" kapena ulembe kuti "mmodzi". Usandinamize pofuna kundisangalatsa, ndi bwino ndidziwe.

Ukalemba kuti awiri, ndidzapita kwa a Twaibu kukamwa tiyi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ukalemba kuti mmodzi, ndiyenera kukuuziratu chimene ndidzachite, kuti usadzachimvere kwa ena. Lachisanu ikatha swala ya Juma ndidzapempha ashehe kuti andilole kuima. Ndidzauza anthu za shedi ya ku Chipoka, zonse, ndi dzina la a Saidi lomwe, ngakhale adzukulu awo amaswali mumzikiti momwemo. Kenako ndidzawauza kuti uthenga wa pa foni tsopano uli m'manja mwa munthu amene sitimudziwa, ndipo aliyense, kuyambira mchimwene wako, abwerere kuyang'ana mitambo asanakankhe boti. Nthawi ija ndinati ndiona Loweruka. Pano sindingadikirenso Loweruka.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndipo sindinaimepo pagulu kuyankhula chibadwire. Asiyatu, mayi wanga, usalole kuti ndikayambire pa ntchito ya mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Mmadi